Funsani Malume: Kodi Dzina Lachiwiri la Mtengo Limanena Zoona?

Makalata a mwezi uno agwera pamodzi ngati munapangana. Onse akufunsa za mayina a Chilatini aja amene amalembedwa pa mapaketi a mbewu, pa timatabwa ta ku nazale ndi m'mabuku a ana asukulu. Ine Chilatini sindinachiphunzire m'kalasi ayi. Ndinachitolera pa ntchito, zaka 31 ndikulemba timatabwa pa nazale ina kuno ku Harare, poyamba ndi penti, kenako ndi cholembera chosafufutika ndi mvula. Bambo anga anachokera ku Ntcheu pa malole a Ulere, onyamula anthu odzagwira ntchito kuno, nagwira ntchito yosamala maluwa ku Highlands mpaka msana unapindika. Ine ndinangoponda m'mapazi awo.

FUNSO: Malume, ndinagula tiyi wa zumbani wa m'paketi m'tauni chifukwa miyendo siikundilolanso kukathyola ndekha kuthengo. Pansi pa dzina loti zumbani alembapo kuti Lippia javanica. Akamwini anga ophunzira aja akuti javanica ndiye kuti chochokera ku Java, ku Asia uko, choncho andigulitsa masamba akunja. Paketi ili chitsekere pa kabati. Ndimwe kapena nditaye?
Mayi wa ku Tafara

YANKHO: Mayi, tsekulani paketiyo, terekani madzi. Akamwini anu awerenga bwino, javanica ndi "wa ku Java" ndithu, chilumba cha ku Indonesia. Koma zumbani ku Java si kwawo. Kwawo ndi kuno, kuyambira ku South Africa, kudutsa Zimbabwe, Mozambique ndi Malawi mpaka kukafika ku Ethiopia.

Cholakwa chinachitika mu 1768. Katswiri wina wa zomera wa ku Holland, Nicolaas Burman, ankapenda masamba ouma omata pa mapepala amene ankabwera pa zombo. Iye anakhulupirira kuti kanthambi aka kachokera ku Java, nakatcha Verbena javanica. Zombo za Adatchi zikamachokera kum'mawa zinkaima ku Cape, ku South Africa, ndiye mutha kuona nokha kuti masamba a mayiko awiri kusakanikirana m'bokosi limodzi sinali nkhani yovuta. Mu 1825 Mjeremani wina, Kurt Sprengel, anaona kuti chomerachi si cha gulu la Verbena, nachisamutsira ku Lippia, koma dzina lachiwiri chinasamuka nalo momwemo.

Mufunsa kuti nanga atazindikira bwanji sanakonze? Lamulo la akatswiriwa limati dzina limene linayamba kusindikizidwa motsata ndondomeko ndilo limakhala, ngakhale tanthauzo lake lidzapezeke kuti n'labodza. Ife ana a machona izi zisatidabwitse. Kalaliki wolemba zitupa anamva dzina la bambo anga ndi khutu la Chishona, nalilemba mmene analimvera. Malipiro ankatuluka pa dzina lolakwikalo, ife ana tinalembetsa sukulu pa dzina lomwelo, ndipo pamene tinkawaika m'manda, kalata ya imfa inali ndi dzina lomwelo. Kunyumba ndi ku mpingo ankaitanidwa dzina lawo lenileni, koma amene ankafuna kuwapeza m'kaundula ankawapeza ndi la pa chitupa. Javanica ndi dzina la pa chitupa la zumbani. Likukuuzani kuti m'paketimo muli chomera chiti, osati kuti masambawo anathyoledwa kuti.

Si zumbani yekha. Bwemba ndi Tamarindus indica, "wa ku India", pamene mtengowo kwawo kwenikweni ndi ku Africa kuno. Tsabola wa kambuzi amene timaitanitsa kwa obwera pa basi kuchokera ku Lilongwe ndi wa mtundu wa Capsicum chinense, "wa ku China", pamene tsabola yense padziko makolo ake ndi a ku America. Amene anamutcha mu 1776 anasokera ngati Burman yemwe.

Kakang'ono ndisanakusiyeni. Mukatuma adzukulu kukathyola, awonetsetse. Lantana camara, chitsamba chobwera chija chadzadza m'mphepete mwa misewu, masamba ake amafanana ndi a zumbani, ndipo chimapha ng'ombe. Lantana maluwa ake ndi owala, achikasu, ofiira ndi apinki, tsinde lake lili ndi timinga. Zumbani timaluwa take n'tating'ono totuwira. Komanso, ndikudziwa kuti mu 2021 tonse tinkafungatira zumbani poopa Covid, koma chifuwa chikapitirira masiku, ku kiliniki musakuleke.

FUNSO: Malume, ndili Fomu 3. Pa mayeso ndinalemba kuti chimanga ndi Zea Mays, aphunzitsi anandichongera cholakwa chifukwa cha M wamkulu yekhayo. Si nkhanza zimenezo? Komanso mayinawa ndi ochuluka, sakulowa m'mutu. Ntchito yake n'chiyani poti chimanga tonse timachidziwa?
Mnyamata wa ku Mufakose

YANKHO: Mphwanga, aphunzitsi ako sanakulakwire. Dzina loyamba limayamba ndi chilembo chachikulu, lachiwiri ndi chaching'ono nthawi zonse, ngakhale litachokera ku dzina la munthu kapena dziko. M'mabuku amalilemba mopendekera. Iwe polemba pamanja uzidula mzere kunsi kwake.

Ganiza za chiwongo. Dzina loyamba lili ngati Phiri kapena Banda, limasonkhanitsa abale. Lachiwiri ndi limene limasiyanitsa mmodzi pakati pa abalewo, ndipo palokha silingaime. Ukangoti indica palibe amene adziwe ngati ukunena mango, Mangifera indica, kapena nimu, Azadirachta indica, kapena bwemba uja. Amene anakhazikitsa kalembedwe aka ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden, zomera mu 1753, nyama mu 1758. Iye asanatero, dzina la phwetekere linali chiganizo chathunthu chofotokoza tsinde, masamba ndi maluwa ake. Anasankha Chilatini chifukwa ophunzira a ku Ulaya masiku amenewo ankalemberana m'chinenero chimenecho.

Kuti alowe m'mutu, usaloweze ngati vesi. Pita ku munda wa amayi ako ukawafunse mayinawo tanthauzo. Nyemba ndi Phaseolus vulgaris, vulgaris ndiye "wamba". Mpunga ndi Oryza sativa, "wolimidwa". Mtedza ndi Arachis hypogaea, nzama ndi Vigna subterranea, ndipo mayina achiwiriwo akunena chinthu chimodzi, "pansi pa nthaka", loyamba m'Chigiriki, linalo m'Chilatini. Mlambe ndi Adansonia digitata chifukwa tsamba lake lili ngati zala za dzanja lotambasula. Nkhwazi dzina lake lachiwiri ndi vocifer, "wofuula", ndipo amene anaimvapo m'mawa ku Lake Chivero sangatsutse. Mays wako uja si Chilatini n'komwe, ndi mawu a anthu a Chitaino a ku zilumba za Caribbean, kumene azungu anachionera chimanga koyamba. Fisi yekha anachita mwayi, ndi Crocuta crocuta, ukaloweza limodzi waloweza onse. Kubwereza kotere n'kololedwa ku nyama, ku zomera n'koletsedwa. Nandolo anazemba lamuloli ndi zilembo ziwiri zokha, Cajanus cajan.

Uonanso kuti mathero amasintha: chinangwa ndi Manihot esculenta, therere lobala ndi Abelmoschus esculentus. Ndi mawu amodzi, "chodyedwa". Anzako olankhula Chingerezi chokha izi zimawazunguza, koma iwe umanena tsiku lililonse kuti chinangwa chokoma, therere lokoma, nsima yokoma. Ife timasintha kumayambiriro, Chilatini chimasintha kumathero, basi. Koma usakhulupirire dzina kuposa agogo ako. Esculenta yemweyo, chikakhala chinangwa chowawa ukachidya osaviika m'madzi, maliro.

Tsopano ntchito yake. Ndili mnyamata pa nazale, kunabwera bambo wina wa pa famu nati akufuna mbande 40 za mahogany zobzala m'mbali mwa msewu wa kwake, akufuna adzacheke matabwa ana ake akadzakula. Kapitawo kunalibe. Ine ndinakweza pa lole mbande zimene tinkazitcha Natal mahogany, ndalama n'kulandira, ndikudziona wochangamuka. Patapita miyezi bamboyo anabwera atanyamula nthambi m'manja, nkhope ili gwaa. Iye ankafuna mbawa, ine ndinamupatsa msikidzi. M'Chingerezi mitengo itatu yonse ndi mahogany: mbawa, imene mabuku ena amati Khaya nyasica ena Khaya anthotheca, msikidzi, Trichilia emetica, ndi msambamfumu, Afzelia quanzensis. Mtengo wa mbande zija anandidula pa malipiro miyezi itatu. Kuyambira tsiku limenelo, munthu akanena dzina la mtengo ndinkamutengera pa kathabwa kuti aloze ndi chala.

Loweruka lina kwera kombi upite ku National Botanic Garden ku Alexandra Park, utenge kope, uziyenda ukuwerenga timatabwa ta pa mitengo. Ola limodzi kumeneko liposa sabata ya kuloweza.

FUNSO: Achimwene, tinakangana pa bawo. Ine ndimati mazhanje amene amadzadza ku Mbare Musika mu Disembala ndi masuku omwe aja tinkatola kwathu ku Dedza. Mnzanga akuti ayi, a kumudzi ndi ena, otsekemera kuposa awa. Mwana wake anayang'ana pa foni napeza kuti onse ndi Uapaca kirkiana, akuti dzina la mzungu wina Kirk. Apa mkangano unasanduka wina: mzungu anabwera ndi masuku ku Malawi? Bwanji mitengo yathu ili ndi mayina a alendo?
Bambo wa ku Dzivarasekwa

YANKHO: Akulu, pa nkhani yoyamba mwawina. Masuku ndi mazhanje ndi mtengo umodzi. Kutsekemera kumasiyana mtengo ndi mtengo ngakhale m'nkhalango imodzi, ndipo anzanuwo muwakhululukire, chipatso chimene munthu anadya ali mwana palibe chimene chimachiposa.

Kirk sanabwere ndi masuku. John Kirk anali dokotala wa ku Scotland amene anayenda ndi David Livingstone pa ulendo wa mtsinje wa Zambezi kuyambira 1858 mpaka 1863, ndipo anali nawo pamene anafika pa nyanja ya Malawi mu 1859. Ntchito yake ina inali kuthyola nthambi, kuziumitsa ndi kuzitumiza ku munda wa zomera wa Kew, ku London. Katswiri wa ku Switzerland amene anafotokoza mtengowu m'mabuku mu 1864 anaupatsa dzina la wotumizayo. Kirk yemweyo ndiye mwini dzina la mapiri a Kirk Range, kwawo kwa bambo anga. Iwo anabadwira m'tsinde mwa mapiriwo koma dzinali anadzalimvera ku Salisbury, Harare wa leroyu.

Mayina a anthu mumawazindikira ndi mathero. Mwamuna kawirikawiri amathera ndi i mmodzi kapena awiri. Mkungudza wa pa phiri la Mulanje ndi Widdringtonia whytei, kukumbukira Alexander Whyte amene anatenga nthambi zake paphiripo mu 1891. Mombo, umene anzathu kuno amati mupfuti, ndi Brachystegia boehmii, dzina la Mjeremani Richard Böhm. Mkazi amathera ndi ae: kansomba kena ka m'gulu la mbuna ndi Labeotropheus trewavasae, ulemu kwa mayi Ethelwynn Trewavas wa ku British Museum amene anathera moyo wake pa nsomba za m'nyanja zathu. Malo kawirikawiri amathera ndi ensis, monga mlombwa, Pterocarpus angolensis, umene kuno mumaumva akuti mukwa kapena mubvamaropa.

Funso lanu lachiwiri ndilo lolemera, ndipo ine sindibisa mbali imene ndili. Whyte sanakwere Mulanje yekha. Panali amene anamulozera njira, amene anasenza mabokosi, amene anakwera mumtengo kukathyola nthambiyo. Kirk panali amene anamuuza kuti chipatso ichi chimadyedwa, icho ayi. Mayina awo sanalembedwe pa mtengo uliwonse. Dzina lachiwiri likakhala la munthu, silikuuzani kanthu za mtengowo. Likukuuzani amene anali ndi pepala ndi sitima yotumizira. Taonani nsomba imene asodzi a kunyanja amaitcha kaligono. Imagona cham'mbali pansi pa madzi ngati yafa, tinsomba tikabwera kudzaijompha, iyo n'kutimbwandira. Dzina lathulo lanena khalidwe lonse la nsombayo. La m'mabuku ndi Nimbochromis livingstonii, langonena Livingstone.

Komabe musati zathu mulibemo. Chambo china ndi Oreochromis karongae, cha ku Karonga. China ndi Oreochromis lidole, ndipo lidole ndi mawu a asodzi eni ake, mayi Trewavas anangowatola mu 1941 nawaika momwemo. Makumba ndi Oreochromis shiranus, a mu Shire. Uapaca weniweniyo si dzina la mzungu, ndi mawu ochokera ku Madagascar. Mafupa a chinyama chakale chimene chili m'nyumba yosungiramo zakale ku Karonga, kuyambira 1993 ndi Malawisaurus dixeyi, ndipo china chimene anafukula ku Mbire, kumpoto kwa dziko lino, mu 2022 anachitcha Mbiresaurus raathi. Khomo lotchulira mayina silinatsekedwe. Aliyense wopeza mtundu watsopano n'kuufotokoza motsata ndondomeko ali ndi ufulu wosankha dzina. Mwana wa anzanu uja wa foni, akalimbikira sukulu, akhoza kudzatcha kachomera dzina la agogo ake.

Nanga ine pa msika ndimati chiyani? Kwa mayi wogulitsa ndimati mazhanje, kwa adzukulu anga ndimati masuku kuti asaiwale. Kirkiana ndimamutulutsa pokhapokha ndikafuna kuwerenga zimene akatswiri alemba za kameredwe ka njere zake.

FUNSO: Malume, mwezi wathawu ndinamva kuti mayina ena a zomera asinthidwa chifukwa anali otukwana anthu akuda. Ndi zoona? Ine ndinkadziwa kuti mayinawa sasinthika.
Mphunzitsi wa ku Highfield

YANKHO: Aphunzitsi, ndi zoona, koma si za mwezi watha. Mu Julayi 2024 akatswiri a zomera a padziko lonse anakumana ku Madrid, ku Spain, navota pa ganizo la Gideon Smith ndi Estrela Figueiredo a ku Nelson Mandela University ku South Africa. Mayina oposa 200 anali ndi mawu oti caffra kapena caffrum, ochokera ku dzina lachipongwe lija limene sindikufuna kulilemba muno. Anthu 351 anavomera, 205 anakana. Mankhwala ake anali ochenjera: anangochotsa c ndi f mmodzi, kutsala afra, "wa ku Africa". Choncho Erythrina caffra tsopano ndi Erythrina afra, ndipo mfula wa kuno kum'mwera, umene anzathu amati mupfura, nawonso unataya zilembo ziwirizo. Wofufuza m'mabuku akale sasochera poti mayinawo akufananabe.

Ine mawu amenewo ndinawalemba ndi dzanja langa pa timatabwa kosawerengeka. Ndinkadziwa chimene ndikulemba, chifukwa ndinamvapo bambo anga akuitanidwa ndi mawu omwewo ali chogwada m'maluwa a bwana wawo. Ndiye musandifunse ngati ndinakondwa.

Koma dziwani kuti zomera ndi nyama zili ndi makhoti osiyana. A zanyama sanasinthe, njati ikadali Syncerus caffer. Chigaza chimene anachipeza mu mgodi ku Kabwe mu 1921 chinatchedwa Homo rhodesiensis, ndipo kachilombo ka matenda a kaodzera kamene kamafalitsidwa ndi kashembe m'zigwa za kuno ndi Trypanosoma brucei rhodesiense, ngakhale Rhodesia anatha mu 1980. Ena akufuna kuti mayina onse a anthu achotsedwe. Pamenepo ine ndimadodoma. Kutukwana ndi kwina, kukumbutsa mbiri yowawa ndi kwina, ndipo dokotala wa ku Nkhotakota ndi wa ku Kariba ayenera kumvana akamalemberana za wodwala.

Kusintha kumene kunandipweteka ine kunalibe chipongwe chilichonse. Akatswiri atapeza kuti mitengo yonse yotchedwa Acacia si pachibale chenicheni, misonkhano ya ku Vienna mu 2005 ndi ku Melbourne mu 2011 inasiyira dzinalo mitengo ya ku Australia. Yathu ya minga inagawidwa, ina Vachellia, ina Senegalia. Mthethe, umene ndinaudziwa moyo wanga wonse ngati Acacia polyacantha, unadzuka uli Senegalia polyacantha. Onani kuti lachiwiri, "wa minga yambiri", silinasunthe. Chimene chinasintha ndi chiwongo. Ndinakhala masiku ndikupala timatabwa ndi sandipepa, ndipo ogula ankabwerabe n'kumati tikufuna acacia.

FUNSO: Malume, ndimachita manyazi kutchula mayinawa pagulu, lilime limakana. Katchulidwe koyenera ndi kotani?
Mtsikana wogulitsa mbande ku Mabvuku

YANKHO: Mwanawe, manyaziwo ataye. Mwini Chilatini anafa kalekale, palibe amene adzakudzudzule. Ndinamvapo Mngerezi, Mjeremani ndi Mbunu akutchula dzina limodzi pa nazale pathu, aliyense mwake, mpaka anachita kulemberana papepala. Ndipo iwe uli pabwino kuwaposa, chifukwa a, e, i, o, u a Chilatini amamveka ngati athu omwewa. Funsa agogo a Chikatolika amene anaimbapo Misa ya Chilatini, akuuza kuti sinkawavuta. Werenga mmene kwalembedwera, phatikizo limodzi limodzi: di-gi-ta-ta, ja-va-ni-ka, mi-mo-si-fo-li-a. Lomalizali ndi la jakaranda amene amachita maluwa mu Okutobala, "wa masamba ngati a mimosa". Ch umutchule ngati k, ph ngati f, ndiye msasa ukhala Brakistegia, nyemba Faseolusi.

Pa timatabwa tako uzilemba atatu: la Chishona pamwamba poti ogula ambiri ndi amenewo, lathu pakati, la Chilatini pansi. Cholembera ugule cha penti, cha inki chimafufutika isanathe mvula ya Januwale.